Paipi ya Madzi a M'cipinda Cozizila: Madzi Atuluke, Kanthu Kasalowe

Ena a inu amene munamaliza maphunzilo pano tsopano mugwila nchito pa malo osonkhanitsila mkaka, pa mafamu a nkhuku, kapena m'magulu a alimi a ndiwo zamasamba amene ali ndi cipinda cozizila. Ena munaika makina ozizilitsa mpweya, aja ochedwa air conditioner, m'cipinda cosungila mbewu kapena mazila oyembekezela kuswetsedwa. Inu amene mukali pa maphunzilo mudzakumana nawo makinawa posacedwa. Munthu akamagula, maso ake amakhala pa mtengo, pa mphamvu ya injini ndi pa magetsi amene adzafunika. Koma kumbuyo kwa makinawo kumatuluka kapaipi kopyapyala kamene kamaboola khoma ndi kukathela panja. Mtengo wake ndi wocepa kuposa wa ziwiya zina zonse, ndipo kawilikawili mmisili amakalumikiza pa mapeto penipeni, atatopa kale ndi nchito zikuluzikulu.

Nchito ya paipi imeneyi ndi kutulutsa madzi amene makina afinya mu mpweya. Koma paipi ndi njila yotseguka mbali zonse ziwili. Ikaikidwa molakwika, madzi amabwelela ndi kudonthela pa zakudya, ndipo mpweya wofunda, fungo la kucimbudzi, mphemvu ndi makoswe zimapeza polowela m'cipinda cimene munacimanga kuti cikhale caukhondo. Tifuna kulongosola cifukwa cake zimenezi zimacitika, ndi zinthu zitatu zimene zimaziletsa: kutsetseleka kwa paipi, madzi otseka njila ya mpweya, ndi mpata wosiyidwa kumapeto kwa paipi.

Kumene madziwa acokela

Mpweya umene tipuma umanyamula madzi osaoneka ndi maso, ndiwo nthunzi. Mpweya wotentha umanyamula ambili, wozizila umanyamula ocepa. Tiyelekeze bokosi la mpweya la mita imodzi m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi m'mwamba. Pa madigili 30, bokosi limeneli lingasunge madzi okwana magalamu 30. Pa madigili 10 lisunga magalamu 9 cabe, ndipo pa madigili 5 lisunga pafupifupi magalamu 7. Mpweya wofunda ukazizila, madzi amene sungathenso kuwanyamula umawatula pa cinthu ciliconse cozizila cimene wakhudza. Ndico cifukwa cake botolo locokela m'filiji limacita thukuta, ndipo udzu umadzala mame m'bandakuca.

M'kati mwa makina muli timapaipi ta mkuwa tozizila kwambili, tokhala ndi zipsepse zopyapyala za aluminiyamu. Amisili amati coil. Fani imapititsa mpweya wa m'cipinda pakati pa zipsepsezo, madzi amatsalila pamenepo, nadonthela m'mbale imene ili pansi pake, ndipo kucoka m'mbalemo amalowa m'paipi. Kudontha kumeneku si cilema ca makina. Pamene Willis Carrier anakonza makina oyamba a mtundu umenewu mu 1902, ku Brooklyn m'dziko la America, colinga cinali kucepetsa cinyezi m'nyumba yosindikizila, mmene mapepala anali kufufuma ndi kusokoneza mitundu ya inki. Kucotsa madzi mu mpweya ndiyo nchito ya makinawa kuyambila paciyambi. Walila mvula walila matope: wofuna cipinda cozizila wafunanso madzi oti awapezele njila.

Kuti muone kuculuka kwake, titenge cipinda ca mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2.5 m'mwamba. Mmenemo mulowa mabokosi 30 a mpweya. Tinene kuti ndi m'dzinja, ndipo mpweya wa panja uli ndi magalamu 20 a madzi pa bokosi lililonse. Ukazizila kufika pa madigili 5, bokosi lililonse litula magalamu 13, ndiye kuti cipinda conse citula magalamu 390. Citseko cikatsegulidwa kawilikawili mpaka mpweya wonse kusinthika maulendo 10 pa tsiku, madziwo afika pafupifupi malita 4. Pamwamba pa amenewa pali cinyezi cimene lepu, kabici ndi matimati zimatulutsa zokha zili m'makileti. Madzi onsewo ali ndi njila imodzi yotulukila.

Zimene mungataye

Madzi ongocoka mu nthunzi ndi oyela, koma sakhala oyela nthawi yaitali. Amatsuka fumbi limene lamata pa zipsepse, ndipo m'mbale ndi m'paipi mumamela zinthu zotelela ngati ndele, mmene mumaswana nkhungu ndi mabakiteliya. Pali mtundu wina wa mabakiteliya umene aliyense wosunga cakudya m'malo ozizila ayenela kuudziwa, dzina lake Listeria. Mabakiteliya ambili amaleka kuswana akazizidwa, koma Listeria imapitiliza kuswana ngakhale pafupi ndi madigili 0, ndipo imakhazikika m'malo onyowa monga m'ngalande ndi pansi pamene madzi adikha. Imapweteka kwambili amayi apakati, makanda, okalamba ndi anthu amene matupi awo afooka ndi matenda ena.

Mu 2011, ku America, anthu 147 anadwala ndipo 33 anamwalila atadya zipatso za mtundu wa mavwende zochedwa cantaloupe, zocokela pa famu ina ya ku Colorado. Akatswili a bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala, la FDA, atayendela nyumba yolongedzela zipatsozo, anachula zinthu zingapo zimene ziyenela kuti zinathandiza Listeria kufalikila. Cimodzi mwa izo cinali paipi yotulutsa madzi a makina ozizilitsa. Inaikidwa pamalo oti madzi ake anali kudikha pansi, pafupi ndi makina olongedzela zipatso. Kuno kufupi ndi kwathu, Listeria yomweyi inadwalitsa anthu oposa 1,000 ndi kupha oposa 200 ku South Africa mu 2017 ndi 2018 kupyolela mu nyama ya polony, mpaka boma la Zambia linaletsa nyama zotelezo zocokela kumeneko kulowa m'dziko muno.

Ngakhale matenda asabuke, kutaya kulipo. Makatoni a mazila akanyowa amafewa ndi kugwa. Mbewu yosungidwa ikamwa cinyezi imacita nkhungu, ndipo pobzala imamela mwa apo ndi apo. Madzi odonthela pa mawaya a magetsi angapsetse makina kapena kuvulaza wanchito. Mpweya wofunda wolowela m'paipi umabweletsa nthunzi imene imaundana pa coil. Madzi oundanawo amatseka mipata ya zipsepse, makina amalila usana ndi usiku osazizilitsa mokwanila, ndipo ndalama za magetsi zimakwela.

Coyamba: paipi itsetseleke kucokela pa mbale mpaka kumapeto

Akulu anati madzi saiwala khwawa. Amafuna potsika, ndipo mukapanda kuwakonzela potsika amadzipezela okha, nthawi zambili kudzela m'mphepete mwa mbale. Mabuku a opanga makina ambili amalamula kuti paipi itsike ndi sentimita imodzi pa mita iliyonse, ndipo uwu ndiwo muyezo wocepetsetsa. Paipi ya mamita 6 iyenela kuthela masentimita 6 kapena kuposa pamenepo pansi pa pamene yayambila. M'kati mwa cipinda cozizila itsike kwambili kuposa apa, kuti madzi asacedwe m'malo ozizila. Maso amanamiza pa muyezo wocepa ngati umenewu, conco gwilitsani nchito levulo ya omanga nyumba.

Bowo la pa khoma liboolodwe mopendekela kunja: kamwa yake ya m'kati ikhale pamwamba pang'ono kuposa ya panja. Makina enieniwo akhale olungama monga mmene buku lake linenela, cifukwa akapendekela mbali imene kulibe kamwa ya paipi, madzi amasonkhana kumeneko ndi kusefukila ngakhale paipi ili bwino.

Paipi isacepe kuposa kamwa ya mbale. Pa makina akuluakulu a m'denga ndi a zipinda zozizila, isacepele mamilimita 20. Pa mtunda wautali gwilitsani nchito paipi yolimba ya PVC, ndipo muimangilile ku khoma pa mita iliyonse. Paipi yofewa yothilila m'dimba siyenela nchito imeneyi. Dzuwa likaiwomba imalefuka pakati pa zomangila, ndipo pamene yalefuka pamakhala kadziwe. M'kadziwemo mumakhala fumbi ndi ndele mpaka njila kutsekeka. Ikalefuka pawili, mpweya umatsekeledwa pakati pa timadziwe tiwilito, ndipo madzi ocokela m'mbale alibe mphamvu yokankha mpweyawo. Amangoima, kenaka amabwelela.

Ngati makina awili kapena atatu athila m'paipi imodzi, paipi yolandilayo ikhale yaikulu kuposa nthambi zake, ndipo nthambi iliyonse ilowele pamwamba pake, osati m'mbali kapena pansi. Zikapanda kutelo, tsiku limene paipi yaikulu idzatsekeka pang'ono, madzi a makina okwezeka adzatulukila m'mbale ya makina otsika. Pomaliza, mbali ya paipi imene idutsa m'denga kapena m'cipinda cofunda ikulungidwe ndi siponji yotetezela kutentha, popeza madzi a m'kati ndi ozizila ndipo paipi yosakulungidwa imacita thukuta ndi kudontha ngati kuti yaboka.

Caciwili: madzi otseka njila ya mpweya

Pali zipinda zina mmene paipi yatsetseleka bwino ndipo siinatsekeke, koma madzi satuluka. Cizindikilo cake n'cosavuta kuona: makina akamalila, kumapeto kwa paipi sikudontha kanthu, koma akangozima madzi amakhuthuka nthawi imodzi. Wolakwa pamenepa ndi fani.

M'makina ambili a m'denga, amene amatumiza mpweya m'zipinda kudzela m'mipope ya malata, fani imakhala kutsogolo kwa coil ndipo imakoka mpweya. Motelo mbale ya madzi ili m'dela limene mpweya ukukokedwa. Fani siisankha kokoka: imakoka kudzela m'zipsepse, imakokanso kudzela m'paipi ya madzi, monga munthu akumwa ndi bango. Mpweya wolowa m'paipiwo umalimbana ndi madzi ofuna kutuluka, umawaimitsa m'mbale, ndipo madontho ena umawaulutsila m'kati mwa makina. Mphamvu ya kukoka kumeneku imayezedwa m'mapasikalo, ndipo mapasikalo 10 amanyamula madzi pafupifupi milimita imodzi. Fani yokoka ndi mapasikalo 250 ingaimitse madzi ozama mamilimita 25 m'mbale. Sefa ya mpweya ikadzala fumbi, fani imakoka mwamphamvu koposa, ndipo mbale imene inali kupilila imasefuka.

Mankhwala ake ndi kukhotetsa paipi ngati cilembo ca U pafupi ndi mbale. Amisili amati trap. Mumaiona pansi pa sinki ndi m'cimbudzi ca madzi. M'cigwa ca U mumatsala madzi nthawi zonse, ndipo madzi amenewo ndiwo citseko: mpweya sungadutse, koma madzi atsopano akabwela amakankha akale ndi kutuluka mbali inayo. Trap igwila nchito ngati miyendo yake iwili yayezedwa molingana ndi fani. Potulukila madzi pakhale pansi pa kamwa ya mbale ndi mtunda wofanana ndi mphamvu ya fani, kuwonjezapo mamilimita 25. Pa fani ya mapasikalo 250 tachula ija, mtundawo ndi mamilimita 50. Cigwa ca U cizame pansi pa potulukila ndi theka la mtunda umenewo kapena kuposa, ndiye kuti mamilimita 25. Trap yosazama imayamwidwa ndi fani ndi kuuma, ndipo imakhala ngati palibe.

Trap ikhale imodzi pa makina alionse. Ziwili zotsatana zimatsekela mpweya pakati, monga paipi yolefuka pawili. Ngati paipi ndi yaitali, mmisili aike kapaipi koimilila kopumila mpweya kutsogolo kwa trap, kumbali yotulukila madzi, ndipo kamwa yake ikwele kuposa m'mphepete mwa mbale. Pakati pa mbale ndi trap pangakhale potsukila, koma pakhale potseka ndi civindikilo nthawi zonse. Pakasiyidwa potseguka, fani ikokela mpweya pamenepo ndipo trap yakhala yopanda nchito.

Cipinda cozizila cimafuna trap pa cifukwa cinanso. Citseko cikatsekedwa, mpweya wofunda umene unalowa umazizila ndi kukhwinyata, ndipo cipinda cimayamwa mpweya wa panja paliponse pamene pali bowo. Paipi yopanda trap ndiyo bowo limenelo. Trap ya cipinda cozizila iikidwe kunja kwa cipinda, pamalo ofunda pamene dzanja lingafike. M'cipinda coumitsila nyama kapena nsomba, mmene kuzizila kumatsika pansi pa madigili 0, trap ya m'kati ingaundane ndi kutseka njila. Mmenemo paipi ya m'kati ikhale yaifupi, yotsika kwambili, yokulungidwa ndi waya wotenthetsa ndi siponji pamwamba pake.

Apa tisiyanitse bwino, cifukwa si makina onse ofuna trap. Makina aang'ono opacika pa khoma, aja ambili a inu muli nawo m'maofesi ndi m'zipinda zosungila mbewu, mabuku awo amaletsa kuika trap. Amafuna paipi yongotsika, yosakwela paliponse, yosapindika, ndiponso yosamila m'madzi kumapeto. Musatengele zimene mwaona pa makina a mnzanu. Welengani buku la makina anu, ndipo mulisunge pamodzi ndi malisiti.

Cacitatu: mpata kumapeto kwa paipi

Kumene paipi ithela n'kofunika mofanana ndi kumene iyambila. Kawilikawili paipi ya zonyansa za kucimbudzi kapena ngalande ya m'khola imadutsa pafupi, ndipo munthu amaona ngati n'canzelu kungolumikiza pamenepo ndi guluu. Musalole zimenezi. Paipi ya zonyansa imatsekeka, septic tank imadzala, ndipo mvula ya Januwale ikalimba ngalande zimasefuka. Tsiku limenelo zonyansa zimakwela m'paipi iliyonse imene yalumikizidwa, ndipo paipi ya makina anu izitsogolela m'mbale imene ili pamwamba pa zakudya. Trap imatseka mpweya cabe. Madzi okankha kucokela kumunsi amaidutsa.

Ngakhale zonyansa zisakwele, mpweya wake umakwela trap ikauma. Mpweya wa m'suweji uli ndi hydrogen sulphide, uja wonunkha ngati dzila lowola, ndipo ndowe za nkhuku ndi nkhumba zimatulutsa amoniya. Mitundu iwiliyi imadya mkuwa wa coil pang'onopang'ono mpaka kuboola timabowo, ndipo gasi wozizilitsa amathawila pamenepo. Mkaka ndi mazila nazo zimatenga fungo msanga.

Njila yodalilika ndi kusiya mpata. Paipi ithele m'mwamba, ndipo madzi agwe kudutsa mu mpweya asanafike pa colandila. Mpatawo ukhale wowilikiza kawili kukula kwa kamwa ya paipi, ndipo usacepele mamilimita 25, kuyeza kucokela m'mphepete mwa colandilaco. Pa paipi ya mamilimita 20, siyani mamilimita 40. Ngalande ikasefuka, madzi ake amatayikila pansi, ndipo sangadumphe mpata kukalowa m'paipi. Mpata umenewu sufuna magetsi, ulibe cocita dzimbili, ndipo umakulolani kuona ndi maso ngati madzi akudontha.

Paipi yothela panja isakhudze dothi. Isiyeni masentimita 5 kapena kuposa pamwamba pa nthaka, ndipo m'dzinja muone ngati matope ndi udzu sizinakwililile kamwa yake. Ena amaika ndowa kuti atunge madziwo, ndipo si kulakwa, koma paipi ithele pamwamba pa ndowa. Ndowa ikadzala kamwa ya paipi ili m'madzi, mpweya wa m'paipi umatsekeledwa ndipo madzi amaima. Ndowayo itayidwe tsiku lililonse kuti isakhale moswela udzudzu. Pamene palibe ngalande, kumbani dzenje laling'ono patali ndi maziko a nyumba, mulidzaze ndi miyala, madzi azimila mmenemo. Madzi amenewa ndi abwino kuthilila maluwa ndi mitengo. Musamwe, musamwetse nkhuku kapena ana a ng'ombe, ndipo musatsukile ndiwo kapena zitini za mkaka.

Kamwa ya paipi imakopa alendo. Mavu oumba zisa za dothi amaitseka, ndipo nyelele, abuluzi ndi acule aang'ono amalowa kufuna cinyezi. Mangani kansalu ka waya ka mabowo aakulu pang'ono kumapeto, koma dziwani kuti nako kamagwila ndele, conco kakhale kocotseka kuti muzikatsuka.

Pampu, valavu ndi cozimitsa makina

Nthawi zina makina ali pamalo otsika moti madzi sangatuluke okha. Pamenepo amaika kathanki kokhala ndi pampu yaing'ono imene imakankha madzi m'mwamba kathanki kakadzala. Pampu yotele ifunika valavu yolola madzi kupita mbali imodzi cabe, cifukwa ikaima, madzi amene ali m'paipi yokwela amabwelela m'kathanki. Koma kumbukilani caka ca 2024, pamene madzi anacepa m'damu la Kariba cifukwa ca cilala ndipo magetsi anali kuzima maola ambili pa tsiku. Magetsi akazima, madzi oundana pa coil amasungunuka onse pamodzi, ndipo nthawi yomweyo pampu ilibe mphamvu. Paipi yotsetseleka imagwilabe nchito mumdima. Conco posankha malo a makina, sankhani pamene madzi angatsike okha, ndipo pampu ikhale ya pamene palibe njila ina.

Pa paipi yotsetseleka, ena amaika valavu ya mbali imodzi poganiza kuti yathetsa zonse. Valavu yotele ili ndi katseko kamene madzi ayenela kukakankha, koma madzi a makinawa amabwela m'madontho opanda mphamvu. Ndele ikamata, katseko kamakanika kutseguka kapena kutseka. Ingathandize ngati cowonjezela, koma siilowa m'malo mwa mpata wa kumapeto.

Cowonjezela cimene timalimbikitsa ndi kacipangizo koyandama koikidwa m'mbale kapena pa paipi, kamene amisili amati float switch. Madzi akakwela kupyola muyezo, kamazimitsa makina asanasefukile. Pa makina a m'denga, ikaninso mbale yaciwili pansi pa makina onse, yokhala ndi paipi yakeyake yothela pamalo oonekela, monga pamwamba pa zenela. Mukaona madzi akudontha pamenepo, dziwani kuti paipi yoyamba yatsekeka.

Kusamala malinga ndi nyengo

M'nyengo ya cisanu, kuyambila Meyi mpaka Julayi, makina ambili a m'maofesi ndi m'zipinda za mbewu amapuma, ndipo ngakhale amene akugwila nchito amatulutsa madzi ocepa cifukwa mpweya ndi wouma. Madzi a mu trap amauma pang'onopang'ono. Kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala kukafika, makina amayatsidwa trap ili youma, fani imayamba kukoka mpweya m'paipi, ndipo madzi oyamba sangatsike kukadzaza trap. Conco musanayatse makina amene anapuma, thilani madzi oyela m'mbale mpaka muwaone akutuluka kumapeto. M'miyezi youma citani zimenezi mwezi uliwonse.

Mvula isanayambe, m'Okutobala, tsukani njila yonse, popeza kuyambila Novembala mpaka Epulo ndiyo nthawi imene madzi amaculuka. Yambani ndi kuzimitsa magetsi a makina pa swici yaikulu, ndipo cotsani kapena phimbani zakudya zili pansi pake. Tsukani sefa. Pukutani mbale ndi madzi ofunda a sopo ndi bulashi yofewa. Masulani trap ngati ili yomasuka, mucotse matope a m'cigwa cake. Paipi ikakhala yotsekeka, yamwani zotsekazo kucokela kumapeto a panja ndi makina oyamwa, kapena kankhani madzi kucokela pa potsukila kupita kunja. Musapope kucokela panja kupita m'kati, cifukwa mudzakankhila ndele yonse m'mbale ndi pa coil. Musayamwe ndi pakamwa. Kapu ya viniga yothilidwa pa potsukila imathandiza kucepetsa ndele. Bulichi imadya aluminiyamu ndi zitsulo zina, conco isakhudze coil, ndipo musaisakanize ndi viniga kapena mankhwala okhala ndi amoniya, cifukwa zimatulutsa mpweya wapoizoni. Mukamaliza, sambani m'manja musanagwile cakudya.

M'dzinja, yendelani kumapeto kwa paipi sabata iliyonse makina akulila. Madzi ayenela kudontha mosalekeza. Ngati tsiku ndi lacinyezi koma paipi ndi youma, madziwo ali kwina, ndipo muwafunefune lelo lomwe. Zizindikilo zina ndi phokoso la kubwebweta m'paipi, fungo la nkhungu kapena la suweji makina akayaka, mabanga pa denga kapena pa khoma, ndi madzi oundana olendela pansi pa mbale. Lembani tsiku lililonse lotsuka m'buku limene mumalembamo kuzizila kwa cipinda, kuti wanchito wina akabwela adziwe pamene mnzake analekela.

Musanalipile mmisili

Nchito yokhudza gasi ndi magetsi a makina ndi ya mmisili wophunzila, ndipo musaiyese nokha. Koma paipi ya madzi mungaiweluze inu eni. Mmisili asanacoke, yendani naye kucokela pa mbale mpaka kumapeto, levulo ili m'manja. Mufunseni ngati makinawo afuna trap kapena ayi, ndipo akuonetseni tsamba la buku limene linena zimenezo. Onani kuti paipi siinalumikizidwe ku cimbudzi kapena ku ngalande ya m'khola, ndi kuti mpata wa kumapeto ulipo. Kenaka yezani malita 2 a madzi, muwathile pang'onopang'ono m'mbale makina atazima, wina ataimilila panja ndi ndowa. Trap ikadzala, madzi otsalawo ayenela kufika m'ndowa msanga, popanda dontho pa zolumikizila. Mmisili abwelezenso kuyesaku fani ikuzungulila ndi zivindikilo zonse zitatsekedwa. Madzi akatuluka bwino maulendo onse awili, lipilani.